MUSANAGULE MAKINA A KEKE, YAMBANI MWADZIWA MOTO WANU

TSIKU la Ciweru likafika, m'maholo a maparishi athu mumamveka nthungululu za kicheni pate. Nthawi yomasula mphatso ikakwana, maso onse amakhala pa tebulo. Kale mkwatibwi anali kulandira mapoto, mthiko, sefa, licero ndi mbaula. Lero pa tebulo lomwelo mupezapo makina osakanizira keke, zikombole zofewa zooneka ngati mtima, duwa kapena kalulu, timilomo tacitsulo tolembera maina pa keke, ndiponso kabokosi kamagetsi kochedwa air fryer.

Zida zimenezi zadzaza m'masitolo a ku Kamwala ku Lusaka, zafika m'mashopu a ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndipo amene amapita ku cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ca ku Lusaka kumayambiriro kwa Ogasiti amaziona zikuonetsedwa. Pa foni napo nkhani ndi yomweyo. Mukatsegula Facebook kapena TikTok muona manja oyera akutulutsa keke yosalala m'mphindi imodzi, ndipo mtima umayamba kunena kuti nanenso ndikanakhala ndi makinawo ndikanalemera.

Palibe colakwa kukonda zinthu zokongola. Koma ambiri a ife tikamaphika masikono, mabanzi, vitumbuwa kapena cikondamoyo sitikusewera. Mu beseni limene mai amanyamula kupita nalo pa msika, pa cigayo kapena pa geti la sukulu muli sopo, mcere, makope a ana ndi copereka ca pa Sondo. Ndalama yogulira cida catsopano imacokera ku cilimba, ku banki ya m'mudzi, ku thumba la nsawa kapena soya, ndipo nthawi zina ku kaloba. Conco funso loyenera kufunsa si lakuti cidaco n'cokongola bwanji, koma lakuti cidzabweza liti ndalama imene cadya.

PHUNZIRO LA CAKA CA 2024

Ndikudziwa gulu lina la azimai pa parishi ina kum'mawa kuno limene linasonkha ndalama kwa miyezi yambiri. Cakumapeto kwa 2023 linagula sitovu yamagetsi ya uvuni ndi makina osakanizira, colinga n'cakuti lizilandira maoda a makeke a ukwati ndi ubatizo. Khrisimasi ya caka cimeneco malonda anayenda, ndipo aliyense anayamika.

Kenako mvula inadula. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'damu la Kariba, kumene kumacokera gawo lalikulu la magetsi athu, ndipo pofika mu Sepitembala m'malo ambiri magetsi anali kuyaka maola atatu okha pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Sitovu ija inasanduka shelefu yoikapo mbale.

Amene anapulumutsa gululo ndi agogo ena amene pa misonkhano sanali kulankhula kwambiri. Iwo anaitana adzukulu awo, anatuta njerwa zotsala pa cimango ca nyumba ya akatekisiti, anakumba dothi la pa culu, ndipo pa masiku atatu uvuni unaima kuseri kwa holo. Mabanzi anabwerera pa msika. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Cimeneci sicinali cilala coyamba kuzimitsa magetsi. Zinacitika mu 2015, zinacitikanso mu 2019. Ena anganene kuti tsopano kuli sola. N'zoona, koma tiyeni tiwerenge. Makina aang'ono osakanizira a m'manja amafuna mawati 150 mpaka 300. Air fryer imafuna mawati opitirira 1,000, ndipo uvuni wa sitovu umafuna 2,000 kapena kuposa. Sola ya panyumba imene imayatsa mababu, wailesi ndi kuchaja foni singanyamule katundu wotere. Conco musanagule cida ciriconse ca nthambo, tembenuzani bokosi muwerenge mawati ake.

CIDA COYAMBA NDI MUYESO

Mukafunsa amene aphika buledi kwa zaka zambiri kuti cida cofunika kwambiri n'citi, sadzachula makina. Adzachula sikelo. Ndiwo imagwira nsima amalawa n'kuwonjezera mcere, koma keke ikalowa mu uvuni simungaibweze. Zonse zimathera pa muyeso.

Kapu yoyezera imene mabuku a zophikaphika amanena ndi ya mamililita 250. Kasupuni ka tiyi ndi mamililita 5, supuni yaikulu ndi 15. Vuto n'lakuti makapu a m'nyumba zathu ndi osiyana, ndipo ngakhale kapu imodzimodziyo imanama. Ufa wa tirigu wosefa wothira mopepuka umalemera pafupifupi magalamu 125 pa kapu, koma mukautunga m'thumba n'kuutsendera ungafike 150 kapena kupitirira. N'cifukwa cake masikono a Lolemba amafewa, a Lacitatu n'kuuma ngati mwala, pomwe wophika ndi mmodzi yemweyo.

Sikelo imasunganso phindu. Tiyerekeze kuti mwakanda ufa wolemera makilogalamu atatu. Mukadula mabanzi a magalamu 60 lirilonse, mupeza mabanzi 50. Mukadula ndi maso, dzanja n'kumapitirira pang'ono kufika magalamu 70, mupeza 42 okha. Mabanzi asanu ndi atatu asowa popanda wakuba. Pa masiku asanu ndi limodzi ndi mabanzi 48, kutanthauza kuti mwagwira nchito ya tsiku lathunthu kwaulere. Kasikelo ka mabatire sikadula ngati makina osakanizira, koma kamayamba kubweza ndalama tsiku lomwe mwakagula.

Ngati sikelo mulibe, sankhani kapu imodzi ndi kasupuni kamodzi, muziike padera, ana asamwere tiyi. Thirani ufa m'kapu ndi supuni, osautsendera, kenako dutsitsani msana wa mpeni pamwamba kuti pakhale posalala. Lembani m'kope zimene mwathira. Tsiku limene zidzakoma mudzadziwa cifukwa cake, ndipo tsiku limene zidzalakwika mudzadziwa pokonza.

Muyeso umafunika koposa pa soda ndi bekingi pauda. Ziwirizi si cinthu cimodzi. Soda ndi m'bale wake wa cidulo cimene agogo athu anali kucheza ndi phulusa pophika therere. Payekha satupitsa bwino. Amafuna cinthu cowawasa, monga mkaka wosasa, madzi a ndimu kapena ufa wa malambe. Zikakumana zimatulutsa timathovu ta mpweya, ndipo timathovuto ndi timene timakweza keke. Soda akacuruka popanda cowawasa, keke imanunkha sopo ndipo imaoneka yacikasu coderako. Bekingi pauda ndi soda wosakaniza kale ndi cowawasa couma. Anayamba kumupanga mu 1843 ndi Alfred Bird, wodziwa za mankhwala wa ku Birmingham ku England, cifukwa thupi la mkazi wake silinali kuyanjana ndi isiti. Muyeso wabwino ndi kasupuni kamodzi ka bekingi pauda pa kapu imodzi ya fulawa. Soda ndi wamphamvu kuposa katatu, conco amafunika wocepa.

Pali cinthu cinanso cimene mavidiyo a pa foni sakuuzani. Lusaka ali pamalo okwera mamita opitirira 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mbali yaikulu ya dziko lathu ili pamtunda wa mamita 1,000 kapena kuposa. Pamalo okwera cotere keke imatupa msanga, kenako n'kugwa pakati isanalimbe. Ngati mwatsatira malangizo ocokera kunja ndipo keke yanu ikumira pakati, musathamangire kugula cikombole cina. Cepetsani bekingi pauda pang'ono, muwonjezere supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka.

UVUNI WA PA MBAULA

Cida caciwiri ndi moto. Keke imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 180, masikono ndi buledi 200 mpaka 220. Kutentha kumeneku sikudziwa ngati kwacokera ku magetsi, ku makala kapena ku zitsononkho. Cofunika n'cakuti kuzungulire cakudyaco mofanana.

Njira yapafupi ndi ya poto mkati mwa poto. Tengani poto wamkulu wolimba amene simuphikiranso ndiwo. Thirani pansi pake mcenga wouma wa kumtsinje wokwana zala ziwiri, kapena ikani timiyala titatu tofanana. Vundikirani, muike pa mbaula kwa mphindi 15 kuti atenthe. Kenako khazikani cikombole canu pa mcengawo, vundikiraninso, ndipo pamwamba pa civundikiro muike makala amoto. Cinsinsi cili apa: moto wambiri ukhale pamwamba, wocepa pansi. Pa makala atatu alionse, awiri apite pamwamba, limodzi litsale pansi. Ambiri amacita zosiyana, ndiye keke imapserera kunsi pamene pakati pali phala.

Musatsegule pa mphindi 20 zoyambirira. Mphepo yozizira ikalowa, keke imagwa ndipo sidzukanso. Nthawi ikakwana, bayani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma, yapsa.

UVUNI WA NJERWA

Amene amaphika zogulitsa tsiku ndi tsiku, kapena gulu la pa chalichi, angacite bwino kumanga uvuni wa njerwa ndi dothi la pa culu. Umamangidwa pa nsanja yofika m'ciuno, wozungulira ngati cigoba ca kamba, ndi khomo limodzi lolowetsera thireyi. Khomolo lisakhale lalitali kufika kudenga kwa uvuni, kuti kutentha kusathawe. Mukaumata, usiyeni uume bwino, ndipo moto woyamba ukhale waung'ono kuti usang'ambike. Mangani kadenga pamwamba pake cifukwa mvula ndi mdani wa dothi.

Kaphikidwe kake ndi kosiyana ndi ka mbaula. Mumasonkha moto mkati kwa ola limodzi ndi theka kapena awiri, mpaka mwaye wakuda wa m'makoma utayera. Kenako mumacotsa makala onse, n'kusesa, n'kutseka khomo kwa mphindi zocepa kuti kutentha kufalikire. Zimene zimaphika ndi njerwa zotenthazo, osati lawi.

Poyesa kutentha, wazani ufa pang'ono pansi pa uvuni. Ukada nthawi yomweyo n'kufuka utsi, dikirani. Ukafiira pang'onopang'ono ngati nsawa zokazinga, lowetsani. Kathemomita ka mu uvuni, kacitsulo kokhala ndi muvi, ndi cimodzi mwa zida za m'sitolo zimene ndi zoyenera ndalama yake, cifukwa sikafuna magetsi ndipo kamathetsa kuyerekeza.

Popeza uvuni wotere umazizira pang'onopang'ono, wophika wanzeru amandandalika nchito. Buledi ndi masikono zimalowa poyamba moto uli waukali. Mabanzi amatsatira, kenako keke ndi cikondamoyo, ndipo pomaliza mabisiketi. Kutentha kotsala kumakazinga nsawa kapena soya wa mawa. Moto umodzi wagwira nchito zisanu.

Kwa alimi phindu lina ndi nkhuni. Uvuni wa njerwa umayaka ndi zitsononkho za cimanga, mapesi a nandolo, mitu youma ya mpendadzuwa ndi nthambi zosadza. Zimene tinali kutentha m'munda zingaphike buledi, thumba la makala n'kupuma, mitengo nayo n'kupuma.

ZIDA ZIMENE MULI NAZO KALE

Zambiri zimene zimagulitsidwa m'mapaketi owala zili ndi abale ake m'khichini mwanu. Tambula yagalasi kapena kacitini kocotsa mbali zonse ziwiri kamadula masikono ozungulira bwino; ingokanikizani molunjika, osapotoza, kuti atupe mofanana. Botolo losalala lotsuka bwino limafulula ufa wokanda ngati mpini wa m'sitolo. Mafoloko awiri ogwiridwa pamodzi amamenya mazira. Makapu acitsulo opaka mafuta amaphika timakeke ta ana a sukulu. Waya wa pa mbaula wotsuka bwino, woikidwa pa njerwa ziwiri, umaziziritsa buledi kuti asacite thukuta kunsi.

Pokongoletsa, kapepala kapulasitiki katsopano kolimba, kodula pang'ono pa ngodya, kamalemba dzina pa keke. Mbale yozondotsa pamwamba pa mbale ina imazungulira mokwanira kuti musalaze m'mbali ndi mpeni. Pa keke ya ubatizo, ya Ukaristia woyamba kapena ya Pasaka, dulani cithunzi ca mtanda, nkhunda kapena kandulo pa pepala loyera, ciikeni pamwamba pa keke, sefani shuga wosalala, kenako nyamulani pepalalo mosamala. Cithunzi cimatsala, ndipo simunagule cikombole cimene cikanagwira nchito kamodzi pa caka.

Mitundu nayo ili pafupi. Madzi a bitiruti amapereka kufiira, maluwa a cidede, cimene ena amati lumanda, amapereka kufiira kowawasa, cikasu ndi karoti zimapereka mtundu wa dzira, ndipo ufa wocepa wa masamba a cam'mwamba umabiriwitsa.

Nanga zikombole zofewa za silikoni zija? Zili ndi ubwino wake: keke simamatira ndipo sizicita dzimbiri. Koma zambiri zimapirira madigiri 220 kapena 230 basi, ndipo siziyenera kukhudza lawi, khala kapena poto wotentha kunsi. Pa mbaula zimapsa msanga. Thireyi yacitsulo cokhuthala, yopangidwa ndi amisiri a pa msika, idzakutumikirani zaka zambiri ngati muiumitsa ndi kuipaka mafuta mukatsuka.

ZACILENDO ZENIZENI ZILI M'MUNDA

Wogula sabwerera cifukwa sikono inali yooneka ngati nyenyezi. Amabwerera cifukwa inakoma, inakhutitsa, ndipo mtengo unali wabwino. Apa ndi pamene mlimi amaposa wa m'tauni.

Tirigu wa m'dziko muno amalimidwa kwambiri m'nyengo yozizira ndi mthirira, m'mafamu akuluakulu a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka. Mlimi wamng'ono samulima, amangogula fulawa, ndipo fulawa ndi amene amadya ndalama zambiri pa kuphika. Kapu iriyonse ya fulawa imene mungailowetse m'malo ndi cinthu ca m'munda mwanu ndi ndalama yotsala m'thumba.

Koma pali malire. Mu tirigu muli cinthu conanda cimene cimagwira mpweya buledi akamatupa. Cimanga, cinangwa, soya ndi mapira zilibe. Pa buledi ndi mabanzi a isiti, yambani ndi kapu imodzi ya ufa wina pa makapu asanu ndi anai a fulawa, ndipo musapitirire imodzi pa anai. Pa keke, masikono ndi mabisiketi mungawonjezere, cifukwa izi sizidalira kunanda.

Mbatata yofiira mkati, imene ena amati kandolo, ndiyo imalolera kwambiri. Yowiritsa n'kuikanya ingalowe m'malo mwa gawo limodzi la magawo atatu a fulawa. Imabweretsa kutsekemera kwake, conco shuga amacepa. Imabweretsa mtundu wa golide, conco mazira ndi mankhwala a mtundu sizifunika. Ndipo ili ndi vitamini A amene amateteza maso ndi matupi a ana. Anansi athu a ku Zambézia ku Mozambique anayamba kale kugulitsa mabanzi otere m'misika ya kumidzi.

Yesani masikono awa: makapu awiri a fulawa, kapu imodzi ya mbatata yofiira yokanya ndi yozizira, timasupuni titatu ta bekingi pauda, masupuni akuluakulu anai a majarini, awiri a shuga, kamcere, ndi mkaka wongokwanira kugwirizanitsa. Fikisani majarini mu fulawa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati mcenga, thirani zotsalazo, ndipo musakande kwambiri. Fululani mokhuthala zala ziwiri, dulani, muphike pa moto waukali kwa mphindi 15 mpaka 20.

Cimanga cofiira ca vitamini A, cimene akatswiri a boma a kafukufuku wa zaulimi pamodzi ndi bungwe la HarvestPlus anatulutsa mu 2012, ena amacikana pa nsima cifukwa maso anazolowera zoyera. Pa cikondamoyo palibe amene amadandaula. Sakanizani makapu awiri a mgaiwa wake, nthoci zinai zakupsa kwambiri zokanya, kapu imodzi ya mkaka wosasa, kasupuni kamodzi ka soda kosadzaza mulu, masupuni atatu a mafuta ophikira, awiri a shuga ndi kamcere. Dzira ngati lilipo. Phikani mphindi 35 mpaka 45. Nthoci zakuda khungu zimene amalonda a ku Nyimba amataya madzulo ndi zimene zimakoma koposa pamenepa.

Nsawa zathu za Chalimbana, kapena MGV 4 ndi MGV 5 zocokera ku malo a kafukufuku a Msekera pafupi ndi Chipata, zikakazingidwa n'kusinjidwa zimalowa m'mabisiketi ndipo mafuta ake amacepetsa majarini. Soya naye amalimbitsa thupi, koma ayambe wakazingidwa kapena kuwiritsidwa asanapite ku cigayo, cifukwa wamuwisi amanunkha ndipo amavuta m'mimba. A kucigwa ca Luangwa ali ndi malambe ndi bwemba, a kumtunda ali ndi uci, maungu ndi mango. Keke ya maungu kapena mabisiketi a malambe ndi zacilendo zimene sitolo iriyonse ilibe.

CENJERANI NDI IZI

Luso lisatipweteketse. Ena amapanga uvuni ndi mgolo wacitsulo, ndipo ndi nzeru yabwino, koma mgolo umene munali mankhwala a thonje, a fodya, a dipi kapena penti usayandikire cakudya, ngakhale mutautsuka kangati. Cimodzimodzi zitini za penti ndi za oilo. Lata latsopano lonyezimira limatulutsa utsi woipa likapsa kwambiri, conco lisakhale pogona buledi. Zitini zokhala ndi utoto woyera mkati musaphikiremo. Nyuzipepala, ngakhale ino imene mukuwerenga, si yokulungira vitumbuwa vamoto, cifukwa inki imasungunuka ndi mafuta.

Mbaula isayake m'nyumba yotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Mu Juni ndi Julayi, pamene ophika amadzuka usiku kukuzizira, ngoziyi imakula. Phikirani pa khonde kapena tsegulani zitseko ndi mawindo.

Nsawa ndi cimanga za cuku musazibise mu keke poganiza kuti moto upha zonse. Poizoni wa cuku wochedwa aflatoxin sathera mu uvuni, ndipo amaononga ciwindi. Tikumbuke kuti mu Ogasiti 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti poizoni ameneyu anapezeka mu ufa wina wa cimanga, agalu mazana atafa. Sankhani nsawa imodziimodzi, zofota ndi zakuda mutaye.

Ogulitsa asambe m'manja ndi sopo, avundikire beseni, ndipo apanire cakudya ndi foloko kapena kapepala m'malo mwa dzanja limene lalandira ndalama. Kolera ya 2023 mpaka 2024, imene inacedwetsa kutsegulira sukulu, inatiphunzitsa kuti matenda akabuka, malonda a zakudya ndi amene amayamba kutsekedwa. Pitani ku khonsolo yanu mukafunse za cikalata ca ogwira zakudya.

WERENGANI MUSANATULUTSE NDALAMA

Tsono cida ciriconse cisanagulidwe ciyankhe mafunso anai. Kodi cigwira nchito magetsi atazima? Kodi ndidzacigwiritsa nchito kangati pa mwezi? Cikaonongeka, alipo wokonza pafupi? Ndipo ndigulitse zingati kuti ndalama yake ibwere?

Funso lomalizali limafuna kope. Lembani zonse zimene zalowa pa kuphika kumodzi: fulawa, shuga, mafuta, isiti, mazira, makala, timapepala, ndalama ya msika, ya basi kapena njinga. Musaiwale mabanzi amene ana adya, amene mwapatsa alendo ndi amene agona osagulidwa. Dziikireni malipiro a thukuta lanu. Cotsala ndico phindu. Tiyerekeze kuti pa banzi lirilonse mumatsala ndi 50 ngwee, ndipo makina amene mwawasirira ndi a K600. Ndiye kuti mabanzi 1,200 adzagwirira nchito makinawo musanaone kanthu. Ngati makinawo sawonjezera ciwerengero ca ogula, ndalamayo ikanagula fulawa wambiri pa mtengo wa pikulitsa.

Zida zoyenera kuyamba nazo ndi zocepa: sikelo, timasupuni toyezera, sefa, mathireyi awiri olimba, kathemomita, ndi comenyera mazira copukusa ndi dzanja. Makina osakanizira amayenera munthu amene maoda a keke amucurukira kale mpaka mkono kutopa. Makina a madonati, a timakeke ta pa kamtengo ndi ena otere adikire kufikira wogula atawafunsa kawiri kapena katatu. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Zodula zimene zimafunika mwa apo ndi apo, monga zikombole za keke ya ukwati ya nsanjika, timilomo tokongoletsera ndi mbale yozungulira, zigulidwe ndi gulu. Mphakati, Cigwirizano, kalabu ya alimi kapena kopaletivu ingazisunge, n'kumabwereketsa pa kandalama kocepa kokonzera zoonongeka. Pakhale buku lolembamo wotenga, tsiku ndi mmene cabwerera, cifukwa katundu wa gulu wopanda buku amathetsa cibale. Uvuni wa njerwa pa parishi ungakhale ndi ndandanda ya masiku, ndipo acinyamata amene amaliza sukulu, anyamata ndi atsikana omwe, aphunzirepo nchito. Azibambo nanu musaime patali. Kuumba njerwa, kumanga kadenga, kusunga zitsononkho ndi kusiya mizere ingapo ya mbatata yofiira m'dimba ndi mbali yanu ya buledi ameneyu.

Azimai a gulu lija sanagulitse sitovu yao. Magetsi akakhalapo amaphikiramo keke za maoda, ndipo makina osakanizira amawathandiza. Koma mabanzi a tsiku ndi tsiku akucokerabe mu uvuni wa agogo kuseri kwa holo, ndipo cinthu cotsatira cimene anagula ndi ndalama ya gulu cinali kasikelo ndi kope la masamu.

Conco inu anakubala ndi alangizi amene mukukonzekera kicheni pate ya mwezi wamawa, m'dengu la mwana wathu muikemo zokongolazo ngati mungathe. Koma musaiwale kapu yoyezera, thireyi yolimba ndi mbaula, ndipo wina wa inu apatule tsiku limodzi amuonetse mmene amagawira makala pansi ndi pamwamba.